Mmene ndinaphunzitsira kompyuta kuwerenga masitepe

Mpaka lero ndikamva munthu akutama kompyuta kuti siilakwitsa, ndimangovomera kuti zoona, kenaka n'kuyang'ana kumbali. Yathu ya ku Chitipa sinalakwitse ngakhale kamodzi. Amene anachititsa manyazi ofesi yonse pamaso pa mudzi wathunthu ndine ndemwe.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, cha kumapeto kwake, ine atangonditumiza kumene kuchokera kwathu ku Thyolo kukagwira ntchito ya mipopi ya madzi otsika m'mapiri. Ofesi yathu inalandira kompyuta, yoyamba kuiona ine ndi maso. Abale, chimwemwe chake! Jenereta ikangolira ndinkathamanga kukavundukula nsalu yake ngati ndikuvundukula mkwatibwi. Munali pulogalamu yowerengera mapaipi: ukaiuza kutalika kwa njira ndi kutsetsereka kwa phiri, iyo inkakuuza mapaipi ofunika. Inkadziwa mamita, mafiti ndi mainchesi. Tsiku lina ndinatulukira kuti munthu ukhoza kuiphunzitsa muyeso wakowako, bola uiuze kuti muyesowo ndi wautali bwanji pa mamita. Ndinachita kuvina ndili pampando.

Mwayi woonetsa nzeru sunachedwe. Mudzi wina ku Misuku unkadikira madzi, tsiku lotsegulira mpopi litalengezedwa kale, a tcheyamani a chipani atavomera kubwera. Tepi yathu yoyezera inali itapita ndi abwana ku Wenya. Ndiye a Msukwa, kapitawo wa anthu okumba ngalande, anangoyenda kuchokera pakasupe mpaka pabwalo la mudzi akuwerenga masitepe, n'kunditumizira chiwerengerocho pakapepala.

Munthu wanzeru akanadikira tepi. Ine ndinati kudikira n'kwa anthu opanda kompyuta. Ndinatenga rula, n'kuponda sitepe imodzi pakhonde la ofesi, n'kuiyeza bwinobwino (kawiri, poti ndine munthu wosamala), n'kulowetsa muyeso watsopano dzina lake SITEPE. Kompyuta inavomera osafunsa kanthu. Ndinaitana mesenjala ndi mayi otaipa kuti adzaone zodabwitsa. Abwana atabwerako ndinawapatsa pepala la mapaipi, iwo anasaina akugwedeza mutu mosirira.

Chimene sindinakuuzeni n'chakuti ine ndine wamfupi. Ndikakhala pabenchi ya kutchalitchi miyendo imalendewera. A Msukwa ndinali nditawaonapo kamodzi kokha, atakhala pansi.

Lole inatula mapaipi pamene msewu unathera, anthu n'kuwasenza pamutu kukwera nawo tinjira ta m'phiri, amayi akuimba. Kutatsala masiku awiri ndinapita kukaona ntchito yanga, nditamanga tayi. Ndinapeza ngalande itakumbidwa bwino mpaka kumudzi, koma mapaipi atathera pakati pa munda wa khofi. Mudzi unkaoneka uko, kutsidya kwa khwawa. Pamenepo panaimirira chimunthu chachitali ngati bulugamu.

"Monire adada," anatero a Msukwa. "Mapaipi ghanyake ghali nkhu? Ena aja abwera liti?"

"Ena atinso? Kompyuta yati ndi omwewa."

"Iyo kompyuta yinayendapo kuno?"

Ndinawafotokozera za muyeso wanga watsopano, ndikunyadirabe pang'ono. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi (sizinawatengere nthawi), n'kunena kuti, "Tiyeni tiyende pamoza, adada. Masitepe khumi basi."

Tinayenda, anthu onse akuwerenga mokweza. Pofika pa khumi, a Msukwa anachita kutembenuka kuti andione kumene ndatsalira. Amayi anaseka mpaka ena kukhala pansi. Amene sanaseke ndi mayi ena achikulire, omwe anasenza mapaipi masiku atatu. Iwo anangondifunsa kuti, "Sono madzi tizikamwa ku khofi?" Ndinalakalaka ngalande ija itandikwirira.

Tsiku la chipani silinkasunthidwa ndi munthu wamba. A tcheyamani anatsegula mpopi woimika mwachangu m'munda wa khofi momwemo, ine nditabisala kumbuyo kwa kwaya. Kenaka mvula inayamba, msewu unatsekeka, ndipo amayi aja anawolokabe khwawa loterera ndi zidebe pamutu mpaka dzinja litatha, pamene mapaipi otsala anafika. Zimenezo zimandiwawa mpaka pano.

Abwana analamula kuti ndifufute muyeso wangawo, ndipo ndinafufutadi. Koma a Msukwa atabwera ku boma ndinawakokera pakhonde, rula ili m'manja, n'kuwapempha aponde sitepe imodzi yokha kuti ndilowetse yolondola.

"Adada, pano m'pafulati," anatero motopa. "Kuphiri pokwera ndimaponda kwina, potsika kwina."

"Eya!" ndinafuula mwachimwemwe. "Ndiye kuti pakufunika miyeso iwiri!"

A Msukwa anangondilanda rula ija n'kupita nayo ku Misuku.