Tipa Yanu Yosatulutsa Utsi Yaima Pamutu pa Mayi Anga

Bangwe, kumtunda kwa msika
30 Okutobala 2017

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Chimphona Motors,
Blantyre.

Olemekezeka Bwana,

Pepani kuti munthu wonga ine ndikukudyerani nthawi. Dzina langa ndine Hawkins Alufandika. Ndinaphunzira za mainjini ku yunivesite zaka ziwiri ndi theka, n'kutulukako wopanda pepala. Anzanga amene ndinkawathandiza masamu lero ali m'maofesi ozizira ngati yanuyo, pamene ine ndili ndi kampando pakhonde la mayi anga. Ndanena izi kuti kalatayi muinyoze ndi mtima woyera. Ndafika pageti panu kasanu, ndipo kasanu konse mlonda wandiuza kuti muli pamsonkhano. Msonkhano wa miyezi iwiri si wamasewera, n'chifukwa chake ndadzera m'nyuzipepala kuti ndisagogode pachitseko.

Mu Julaye alamu anga a Onesimo, amene anakwatira mlongo wanga Anjelina, anagula kwa inu tipa ya matayala khumi yochokera ku Ulaya. Ndi munthu amene wayendetsa mathiraki a eni ake zaka makumi awiri, ndipo iyi inali yoyamba kulembedwa dzina lawo pachitseko. Munawapatsa makiyi, chipewa cha kampani, buku la galimotoyo la m'Chijeremani, ndi kapepala ka m'Chichewa kotchedwa "Malangizo kwa Wogula Wanzeru." Kapepalako ndakawerenga mpaka kang'ambika m'mapindo, ndipo ndikufuna ndikuthokozeni mwadongosolo.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mpweya wabwino. Kapepala kanu kakuti injini imeneyi situlutsa utsi wakuda, moti khanda likhoza kugona pafupi ndi paipi yake. Ndikuchitira umboni. Chiyambire pa 12 Ogasiti sinatulutsepo utsi ngakhale wa ndudu imodzi, pakuti sinalirepo. Kuno timaphika pa mbaula, timawotcha njerwa, zinyalala timayatsira m'ngalande, ndipo minibasi ikamakwera chitunda cha kumsika kondakitala amasowa mu utsi, timangomva mawu. Koma pakati pa uve wonsewu paima chinthu chimodzi chosalakwira mlengalenga, ndipo chili ndi dzina la kampani yanu kumbuyo.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha kathanki ka chivundikiro chabuluu kamene kali pambali pa thanki ya dizilo. Mwalemba kuti m'menemo muzithiridwa madzi apadera otsuka utsi, "opezeka kwa ogulitsa onse odalirika." Alamu anayenda Limbe yonse, anatsikira ku Ginnery Corner, anafika mpaka pakauntala yanu, ndipo anapeza kuti mumzinda uno mulibe wodalirika ndi mmodzi yemwe. Ataimbira a Dennis, wogulitsa wanu wa tayi yofiira uja, yankho linali lakuti: "Musavutike bwana, ameneyo ndi yuliya chabe wosungunula m'madzi."

Bwana, a Dennis munawatenga kuti? Munthu amene amauza Mmalawi kuti yuliya, n'kudula foni osawonjezerapo kanthu, ayenera kukwezedwa pantchito. Anjelina anali ndi theka la thumba la feteleza wobereketsa, limene anasungira munda wake wa ku Machinjiri. Analisungunula m'beseni ndi madzi a pamjigo, nasefa ndi chitenje chatsopano, poti galimoto ya ku Ulaya siyenera kumwa zitsotso. Ine ndinaima pomwepo n'kunena kuti wa m'munda ndi wina, wa injini ndi wina, ndipo madzi a pamjigo ali ndi mchere umene utseka timapaipi. Alamu anandiyang'ana kuchokera kumapazi, nafunsa: "Alamu, satifiketi yanu ili kuti?" A Dennis ali ndi tayi, ine ndilibe.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha nzeru za injiniyi. Patatha sabata ziwiri inazindikira yokha kuti yamwetsedwa za chimanga, ndipo inakwiya ngati munthu wophunzira. Sinaphulike, sinatsokomole. Inangoyatsa timagetsi tachikasu, n'kulemba mawu ataliatali a Chijeremani, kenako n'kudzichepetsera mphamvu mpaka kumayenda liwiro la makilomita makumi awiri. Akabaza ankaipitirira atanyamula amayi onenepa. Tsiku lina ku Chirimba galimoto ya maliro inawaimbira hutala alamu kuti apatuke, malemu akuchedwa.

Kapepala kanu kali ndi mankhwala ake. Kakuti sefa ya utsi imadziyeretsa yokha galimoto ikathamanga liwiro la makilomita makumi asanu ndi atatu kwa mphindi makumi anayi osaima. Ndikupempha modzichepetsa kuti mutisonyeze msewu umenewo. Ife umene tikuudziwa uli ndi mahampu, maenje, mawilibala, mbuzi ndi apolisi apamsewu. Mwina uli kuseri kwa ofesi yanu. Komanso mutiuze mmene galimoto yoyenda ngati nkhalamba yochokera ku chigayo ingafikire liwiro limenelo.

Mufunsa kuti tipa inkafunanji ku Bangwe kumtunda. Ife a ku Nsanje galimoto yatsopano timayamba takaionetsa kwa apongozi, abambo mfumu n'kuiwaza madzi odalitsa, isanapite kukasaka chakudya. Alamu anazengereza mwambo umenewu, ndiye timagetsi titayaka mayi anga ananena kuti sakudabwa. Choncho Loweruka la pa 12 Ogasiti lija alamu anadzaza mchenga, poti dalaivala sapita kwa apongozi ndi galimoto yopanda kanthu, nayamba kukwera kamsewu kamene kamadutsa kumtunda kwa nyumba yathu. Pakona penipeni, pamene denga lathu limalingana ndi msewu, tipa inapuma kamodzi n'kuzima. Abambo mfumu anabwerabe, anawaza madzi awo, anasuzumira pa timagetsi tija, nanena kuti iwo anaphunzira Chilatini chokha.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha magiya odzisintha okha. Mwalemba kuti ndi magiya amenewa "dalaivala amapuma." Alamu apuma masiku makumi asanu ndi awiri kudza asanu ndi anayi. Mabatire atatha ndi kuyesayesa, tinachita zimene aliyense wobadwira kuno amachita galimoto ikakana: tinaitana anthu okankha. Anabwera a pabawo, a kwaya, ngakhale wometa tsitsi anatseka kanyumba kake. Amuna makumi awiri ndi atatu anakankha akuimba nyimbo yokokera ngalawa imene mayi anga anawayambitsira. A Ahmad, makanika wa dera lino amene wakhala akutsegula mainjini ine ndisanabadwe, anakhala pamwala akusenda nzimbe. Anthu atatheratu mphamvu m'pamene anafotokoza kuti galimoto ya magiya otere silizidwa pokankha, ndipo mphepo ikatha m'mathanki mabuleki amadzimanga okha. Titafunsa chifukwa chimene sananenere msanga, anati nyimboyo inkawasangalatsa.

A Ahmad akuti mainjini amene iwo amawadziwa umawamvetsera ndi sikuludiraiva kukhutu, n'kukuuza pamene pakupweteka. Iyi ikufuna kuyankhula ndi kompyuta basi. Kompyutayo ili ndi inu, ndipo munthu wanu woidziwa akuti ali ku Joni ku maphunziro chiyambire Ogasiti. Mumupatse moni. Ndikudziwa kuwawa kwa maphunziro osatha.

Pa foni a Dennis anatilangiza kuti timasule shafuti, chitsulo chachitali chopereka mphamvu ku matayala akumbuyo, kuti galimoto yanu yokokera ikafika isachedwe. A Ahmad anamasula tsiku lomwelo. Yokokerayo sinafike, koma musadandaule, shafuti sinawonongeke. Anthu anaiyala pangalande ya kumsika pamodzi ndi matabwa awiri, ndipo khansala wathu wayamba kale kuutchula mlathowo pamisonkhano yake.

Sindingakhale woona ndikapanda kutchula chitukuko china. Poti bokosi la tipa silingadzuke injini ili chete, anansi anatithandiza kutsitsa mchenga ndi mafosholo, ndipo nyumba zitatu zapakidwa pulasitala. Malowa tsopano amatchedwa Pa Tipa, ndipo akabaza ali ndi siteji. Mayi Mwanamisi amagulitsa zitumbuwa mumthunzi wake ndipo amakupemphererani kuti musadzabwere. Nkhuku ya aneba yaswa anapiye asanu ndi anayi pampando wa dalaivala. Sabata yatha kunabwera munthu wa tchalitchi chatsopano kudzafunsa ngati bokosilo lingadzazidwe madzi pa tsiku la ubatizo.

Tsopano, Bwana, ndilole ndinene kanthu kakang'ono kamene kapepala kanu sikanakhudze. Matayala akumbuyo a kumanzere ali m'mphepete mwa chigumula chimene chili pakati pa msewu ndi nyumba yathu, ndipo pansi pa chigumulacho, masitepe anayi okha, pali khoma la chipinda cha mayi anga. Tsiku limene tipa inazima ndinayeza kuchokera patayala kufika pamphepete: panali mapazi anga atatu. Mvula ya chizimalupsa itagwa Lachiwiri lapitali, kwa theka la ola lokha, ndinayezanso. Patsala chikhatho chimodzi. Galimotoyo yapendekeka moti chitseko cha mbali imeneyo chimatseguka chokha. Tatchinga ndi miyala, zipika ndi matumba a dothi, koma ngakhale munthu wosamaliza sukulu amadziwa kuti matani khumi ndi awiri saimitsidwa ndi chipika cha bulugama pa dothi lonyowa.

Mayi anga ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi chimodzi, ndipo mawondo awo sawalola kutsika sitepe popanda wowagwira. Tawapempha kuti akakhale kwa Anjelina, akana. Tawapempha kuti tingosuntha bedi lipite pabalaza, akana. Akuti nyumba imeneyi anaimanga ndi malemu bambo atathawa madzi osefukira kwathu kuchigwa, njerwa anaumba okha, ndipo m'chipinda chimenecho ndi mmene bambo anatsirizikira. "Ndinathawa Shire, mtsinje wa Mulungu," amatero. "Ndithawenso galimoto ya mkamwini?" Mmawa uliwonse amasesa dothi limene lagwera pawindo lawo, osayang'ana kumwamba. Alamu amabwera tsiku ndi tsiku kudzakhala pafupi ndi tayala lija, chipewa cha kampani yanu chili m'manja, ndipo Anjelina anasiya kuwayankhula. A zanyengo akuti mvula yeniyeni iyamba pakati pa Novembala.

Sindikupempha kuti mukonze injini. Sindikupempha madzi apadera, kompyuta, kapena kupepesa, poti ndikudziwa kuti zinthu zimenezi zimachokera kunja ndipo zimachedwa pa doko. Ndikupempha galimoto yokokera imodzi, ya unyolo wolimba, ndi munthu wodziwa kumasula mabuleki, zifike kuno sabata ino isanathe. Okankha tili nawo.

Koma ngati zimenezi n'zochuluka kwa kampani ya msinkhu wanu, ndiye bwerani nokha, Bwana, mudzatichezere tsiku limene mitambo idzade kumapiri a ku Mpingwe. Ndawauza kale mayi, ndipo asangalala. Akuti mlendo wolemekezeka chotero sakhazikidwa pakhonde ngati wogula makala. Akulandirirani m'chipinda mwawo momwe, ndipo mpando wabwino, wa khushoni uja, auika kale kukhoma la kumsewu.

Ine wamng'ono wanu, woyembekezera ndi maso kumwamba,

Hawkins Alufandika
Bangwe