Ulendo Wokaona Nangula

Lolemba, 4 Ogasiti
Alipo: ine, mayi a kunyumba, ndi mlamu wanga Che Amadu wa golosale ku Mangochi, mwamuna wa mlongo wanga. Wabwera kudzacheza sabata imodzi. Pomwa tiyi akuti, "Alamu, kwathu kuli mlatho ndi nsanja ya wotchi. Kuno ku Lupembe mlendo amaona chiyani, ng'ombe?" Ndikulemba zoti akaone:
1. Nangula wa sitima yakale, kumchenga. Mphindi 35 wapansi.
2. Mtengo wa mango umene akuluakulu amati anabzala Aluya.
3. Chigwembe mmene munatuluka fupa lalitali ngati chitseko.
Pofika Lamulungu akhale ataona zonse, abweze mawu aja.

Lachiwiri, 5 Ogasiti
Tinyamuka 8:00. Pa 8:06 tili kwa Nyamsukwa, mayi wa m'mudzi mwathu. Moni sindinamuwerengere. "Mwaghona," kenako ana, mpunga, ng'ombe imodziimodzi: mphindi 20. Akuti mlendo sangadutse osadya. Akubweretsa mbalagha, nthochi zophika ndi nyama. Alamu, poti ndi Asilamu, akufunsa mwaulemu kuti wazinga ndani. Nyamsukwa akuwapatsa mpeni ndi tambala kuti azinge okha, kuphika kuyambirenso. Tibwerera 2:40. Taona: palibe.

Lachitatu, 6 Ogasiti
Njira yatsopano, kuseri kwa nyumba, m'nthochi. A Msiska, mkulu wa mpingo, tiwapeza momwemo, nkhuku yomanga kale ili m'khwapa. "Kwa Nyamsukwa munadya. Ife tinakulakwirani vichi?" Tibwerera 3:15.

Lachinayi, 7 Ogasiti
Lero alamu pa kabaza, kuti moni tizipereka tikuyenda. Wopalasa ndi msuweni wanga, ine pambuyo pa njinga yanga. Buleki yake ikuvuta pakhomo pake penipeni. Mpunga wa kilombero unali utapsa kale. Bakha.

Lachisanu, 8 Ogasiti
Alamu ku mzikiti. Ndipita ndekha kukaonetsetsa nangula. Nyanja inakwera! Msodzi akuloza madzi ndi nkhafi: "Ali apo, kapena uko." Ndikufufuta nambala 1. Ziwiri zikwanabe.

Loweruka, 9 Ogasiti
5:30, ulendo wa ku mango. Kutsegula chitseko, amayi atatu pakhonde, aliyense ndi nkhuku yake. Mbiri yafika mpaka ku Vinthukutu. Alamu akupinda manja a malaya osafunsa. Titadya ndiyamba kuwafotokozera za fupa lija ndi pakamwa. Agona ndisanafike pa chigwembe.

Lamulungu, 10 Ogasiti
Pa siteji, 9:10. Alamu aboola bowo lina pa lamba wawo. Akuimbira mlongo wanga: "Kuno ndiye kumalo, iwe. Disembala tibwera tonse ndi ana." Minibasi ikunyamuka, atulutsa mutu pa windo: "Koma alamu, sabata yonse osandionetsako ngakhale nyanja?"
Malo oonedwa: 0 mwa 3. Nkhuku 5, bakha 1.
Nyumba zimene sitinadyeko ndipo zakhumudwa: zinayi. Mayi a kunyumba akuti ndikapepese ndekha, kuyambira mawa.