Kalabu ya Makobidi ya ku Matero

Lolemba
Ndaganiza! Ndikuyambitsa kalabu ya okonda makobidi akale pano pa Matero. Chipumireni pa uphunzitsi ndilibe womufotokozera kanthu, ndipo akazi anga, amake Dalitso, akuti makutu awo adadzadza kale. Cholinga changa nchimodzi: ndisanafe ndigwireko ngwee imene idalakwika ku fakitale komwe amasula ndalama. Mwina ili m'chitini cha munthu wina mukomboni muno.
Zofunika: galasi lokuzira zinthu, mabenchi awiri, tiyi.

Lachiwiri
Khonde ladzaza! Ndikufotokoza pang'onopang'ono. Chidindo cha kufakitale chikamenya khobidi kawiri, zilembo zimaoneka ziwiriziwiri, koma zosalala. Chikamenya pambali, chithunzi chimasendera kumphepete. Zotere kunja amazifuna kwambiri. Koma khobidi lopindika, lobooka kapena lokalika ndi lovulala chabe, ndipo bala limadziwika chifukwa chitsulo chimatukuka m'mbali mwake.
Onse akugwedeza mitu. Ba Zulu, owotcherera mageti kuseri kwathu, akufunsa: "Ba Ticha, manje yolakwika maningi ndiye yodula maningi?" Ndikuvomera: yolakwika kwambiri ndiyo yodula kwambiri. Wophunzira wabwino ameneyu.

Lachitatu
Chiyambire m'mawa komboni yonse ikulira nyundo. Kodi onse akukonza madenga?

Lachinayi
Sanali madenga.
Zimene andibweretsera:
ngwee yophwanyidwa ndi mwala;
ngwee ziwiri zomatidwa ndi guluu, yemwe sanaume;
ngwee yopondetsedwa ndi minibasi ya ku Chunga;
chitsekero cha botolo (Ba Esinati, chonde!).
Aliyense ndikumuonetsa bala lake pagalasi, mwaulemu. Ba Esinati, ogulitsa vitumbuwa, akuti: "Imwe munakamba mweka ati vowonongeka ndiye vabwino." Sindinatero ayi. Ndikufotokozanso kuyambira pachiyambi. Tiyi atatha, anthunso atha.

Lachisanu
Benchi imodzi eni ake aitenga. Pamsika akuti ndikukana dala makobidi awo kuti ndidzawatole akawataya. Amake Dalitso agula tomato yemwe dzana ankabwera ndi mbasela, lero wabwera yekha. Sakundiyankhula.

Loweruka
Ba Zulu okha, atavala jekete, khobidi lili mu kansalu. Ndi 10 ngwee yakale yokhala ndi chithunzi cha mbalame, ya malemu bambo awo. Ndikuika pagalasi. Mtima gu! Zilembo zonse ziwiriziwiri, zosalala, zoyera ngati za m'buku. Chenicheni! 
Ndikusuntha galasi. Pakati pa mbalame pali bowo latsopano, lonyezimira. Kumphepete adadyako ndi gulayinda, makina awo opalira zitsulo.
"Ninaona kuti kulakwika kwake ni kung'ono, so nawonjezelako," akutero, akumwetulira ngati mwana wokhoza mayeso.
Ndikupempha madzi akumwa. Kenaka ndikuwafotokozera zonse, mofatsa, kawiri. Avula chipewa, achiika pabondo.

Lamulungu
Kalabu yatsekedwa. Tikuchokera ku tchalitchi tikupeza Ba Zulu pakhonde. Akuti khobidi ndilisunge ine, chifukwa kwawo likuwayang'ana ndi diso limodzi. Ndiye ndaligwira ndithu, ndisanafe. Kunja palibe angalifune, koma ndikaphimba bowolo ndi chala, zilembo zija zilipobe, zokongola.
Amake Dalitso atipatsa tiyi osapemphedwa. 
Potsanzika Ba Zulu akutembenuka pageti: "Ba Ticha, nanga bowo ija nikaitseka na weluding'i?"
Ndatsegula pakamwa kuti ndifotokoze. Ndatsekanso.