Tsiku Lomwe Ndinakhuza Maliro a Mfumu ya ku Russia

Anzanga, ine ndimadzitenga ngati wochangamuka, koma ndikakumbuka zomwe ndinachita ku Bradford mu Julaye 2018 ndimafuna kulowa pansi pa bedi. Nthawi imeneyo ndinali nditangoyamba ntchito panyumba ina yosamalira okalamba, ndili pa miyezi yoyesedwa, ndipo woti agamule kuti ndikhale kapena ndizipita anali bwana wathu, mayi Irina, mzimayi wa ku Russia wosaseka ndi munthu. Akakuyang'ana pamwamba pa magalasi, umayamba kupepesa usanadziwe chomwe walakwa. Ntchito imeneyo ikanandithera, ine ndi ana anga awiri tikanalowera kuti?

Tsiku lina pa buleki ndinawapeza ali okha m'kakhitchini, maso ali psuu, akuyang'ana foni. Ndinafunsa mwaulemu ngati kuli bwino. Anandionetsa chithunzi cha bambo wa ndevu, mayi, atsikana anayi ovala zoyera ndi kamnyamata.

"Onsewa anaphedwa pamodzi," anatero. "Anawatsitsira m'chipinda chapansi n'kuwawombera, ndi ana omwe. Mawa sindibwera, ndikakhala kutchalitchi kwathu."

Mayo ine! Inde chithunzicho chinali chakuda ndi choyera, koma si mafoni a masiku ano amasintha zithunzi mmene ukufunira? Mukuti ndikanafunsa? Kwathu wofedwa sapanikizidwa ndi mafunso, umangomva komwe kuli maliro n'kumanga chitenje. Ndinati mumtima, abale a bwana atha chonchi, iwo akalire okha ngati alibe anthu? Ayi, ndikaonetsa kuti ndinaleredwa. Ndisaname, ndinaganizanso kuti zindikonzera njira kuntchitoko.

Ndinaimbira mayi Phiri a kumpingo kwathu, amene maliro sawaphonya ngakhale a munthu wosamudziwa, ndi mnzanga Nachisale, wa mawu omveka msewu wonse. Kutacha tinakwera basi titavala zitenje ndi mipango, titanyamula chidebe cha mandasi, ulendo wa kukatchalitchi ka Orthodox komwe bwana ankapemphera. Basi inatichedwetsa, tinafika mwambo utayamba.

"Abale, pamaliro sitilowa ngati tikulowa m'banki," anatero mayi Phiri tili pageti. "Yambani inu a Chikondi, ndinu eniake. Ife tikulandirani."

Ndinakoka mpweya n'kuyamba. "Mayo! Ana osalakwa inu mayo!" Nachisale analandira, mayi Phiri n'kuthira nyimbo, tinakankha chitseko tikubuma.

Mkatimo munalibe mabenchi. Anthu onse anali chilili, aliyense kandulo m'manja, akuimba motsitsa kwambiri, ndipo titangolowa nyimbo yawo inaduka. Wansembe wa ndevu zofika pachifuwa anaima ndi chofukizira lubani chili m'malere. Aliyense anatembenuka. Apa munthu wanzeru akanatseka pakamwa, koma ine ndinati anthuwa chisoni chawaumitsa, tiwathandize, ndiye ndinakweza mawu. Bokosi sindinalione ngakhale limodzi, ndinangoona chithunzi cha banja lomwe lija kutsogolo, chojambulidwa ndi golide, chozunguliridwa ndi maluwa. Ndinati basi matupi akadali m'manja mwa apolisi.

Bwana ndinawaona pafupi ndi chithunzicho. Ndinadutsa pakati pa anthu, n'kugwada, n'kuwagwira miyendo.

"Pepani bwana, pepani! Mulungu yekha ndiye akudziwa!"

"Chikondi, dzukani," ananong'ona, nkhope itafiira. "Chonde dzukani."

Ine ndinati ndi manyazi a ofedwa, ndinawagwiritsitsa. Nachisale anali ataika kale chidebe cha mandasi pakati pa maluwa. Kenako mayi Phiri anandigunyuza ndi chigongono.

"Mawu a kuntchito ayankhula ndani? Mukufuna anthu anene kuti kampani sinabwere?"

Ndinaimirira, n'kukonza mpango, n'kuyang'ana wansembe ndi gulu lonse. Ndinayamba ndi ulemu wonse, m'chizungu changa cha pa Sabata. Ndinati ife a kuntchito takhudzidwa kwambiri, imfa imeneyi yatidzidzimutsa, ana awa anali ndi tsogolo. M'malo mosiyira pomwepo, pakamwa panga panapitiriza pokha. Ndinamaliza ndi mawu amphamvu kuti tikupempha apolisi asagone tulo mpaka zigawenga zimene zachita izi zitagwidwa!

Zii. Unkamva makandulo akuthetheka. Kenako bambo wina wachikulire wa ndodo anayandikira n'kundigwira paphewa.

"Mayi," anatero mofatsa, "amene anawaphawo nawonso anamwalira kalekale. Iyi ndi mfumu ya dziko lathu ndi banja lake. Mpingo wathu umawalemekeza ngati oyera mtima. Lero pakwana zaka zana."

Ndinayang'ana pansi kuti mwina pang'ambika ndilowe.

"Akuti bwanji?" anafunsa mayi Phiri, misozi ikadali m'masaya.

"Akuti zaka handiredi."

"Handiredi? Ndiye ife talira chiyani?"

Kuthawa kunali kosatheka, khomo linali kuseri kwa gulu lonselo. Mayi wina anatipatsa makandulo, wansembe anayambiranso pomwe anasiyira, ife n'kuima pamenepo mpaka mwambo kutha, phula lotentha likudonthera pazala, osayerekeza n'komwe kunena kuti mayo. Bwana sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Pobwerera m'basi ine ndinkangoganiza za mmene ndikawauzire ana kuti ntchito yatha chifukwa cha mfumu yomwe sindinaimvepo.

Mawa lake ndisanavule n'komwe jekete anandiitanitsa kuofesi. Ndinalowa. Anatseka chitseko, anavula magalasi, ine n'kuyamba kupemphera chamumtima.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa mpingo wonse," anatero.

"Pepani bwana, ndimaganiza kuti..."

"Ndikudziwa zomwe mumaganiza." Anayang'ana pazenera. "Mayi anga atamwalira ine ndili kuno, palibe anabwera. Ndinalira ndekha m'galimoto, n'kulowa shifiti. Inu munakwera basi."

Misozi inalengeza, ya zoona tsopano.

"Ntchito ndi yanu, mukhala," anatero akuvalanso magalasi. Ndikutsegula chitseko anandiitananso, pakamwa pawo pakunjenjemera ngati munthu wobisa phwete. "Chikondi, apolisi aja musawaimbire."

Ndinatuluka nditagwira kumaso. Kuyambira tsiku limenelo, munthu akandiuza za imfa, kaya akulira chogubuduzika, ndisanakhudze chitenje ndimayamba ndafunsa kuti, "Pepani kwambiri, koma zachitika chaka chiti?"