Nyimbo za Bambo ndi Batani Lobiriwira

Nkhani iyi ena mwaimva kale kwa anthu a ku Chiwanga, aliyense akuithira mchere wake, ndiye bola muimve kwa mwini manyaziwo.

Bambo anga ankaimba kwaya ku tchalitchi chathu cha Angilikana ine ndisanabadwe. Matenda atawagoneka, anati nyimbo zakale za mishoni zisapite nawo kumanda, poti achinyamata a lero amaziimba mothamanga ngati akuthawa mvula. Alamu anga a Armindo, amuna a mlongo wanga, amene amakonza mawailesi kwa asilikali a panyanja ku Metangula, anatipatsa kompyuta yakale, ndipo ine ndinkawajambula bambo akuimba pakhonde. Atamwalira, abale anagawana maukonde, bambo aang'ono a Barnaba anatenga ngalawa. Anthu amenewa pa nthawi ya matenda sanabwere ngakhale ndi phala. Ine ndinangonyamula kompyutayo. Mumtima ndinati idyani zonsezo, mawu a bambo ali ndi ine.

Chinthu chimodzi chinkandisowetsa mtendere. Ndikatsegula pulogalamu ya nyimboyo, pankatuluka kachikwangwani ka Chipwitikizi: kwatuluka mtundu watsopano, dinani apa. Pansi pake batani lobiriwira. Sukulu ndinalekeza sesta kilasi, chaka chachisanu ndi chimodzi, koma zimenezo ndimatha kuwerenga. Ndinawafunsa alamu.

"Alamu, kasiyeni kameneko," anatero ndi Chinyanja chawo chotsimphina. "Kompyuta iyi mapulogalamu ake onse amachokera m'nkhokwe imodzi. Nkhokweyo ikakonzeka imasintha zonse pamodzi. Kameneko ndi kapulogalamu kongodzilengeza, sikadziwa kuti kali ndi mwini. Dikirani."

Dikirani. Za ngalawa, dikirani. Za simenti ya chiliza, dikirani. Tsopano munthu amene anafika pamaliro titakwirira kale, ati anali pa ntchito, nayenso akundiuza kuti ndidikire? Ndinavomera ndi mutu wokha.

Chiliza chinamangidwa, ndipo tinagwirizana kuti tsiku lochidalitsa, Misa ikatha, anthu adzamve bambo akuimba. Ndinaganiza kuti bambo anga sangaimbe pagulu ndi pulogalamu yakutha, kachikwangwani kakulendewera pamaso pawo. Dzulo lake ndinapalasa njinga mpaka ku Metangula kumene kuli netiweki, ndinagula mega a intaneti, ndinakhala kuseri kwa msika, ndi kudina batanilo. Linanditengera kwina, kumeneko ndinadinanso, kenako kwinanso. Paliponse pamene panalembedwa "sim", inde wa Chipwitikizi, ine ndinkavomera ngati mkwati. Dzuwa linandiwotcha khosi, amayi ogulitsa usipa akundiitana injiniya. Pomaliza panatuluka kachithunzi katsopano pa galasi. Ndinakatsegula: mitundu yokongola, kachikwangwani kulibe. Nthawi yomweyo batire inatha. Kodi ndinaona ngati nyimbo zilimo? Ndinaona mitundu, basi.

Kwathu sola inafa kalekale. Ili ndi moyo m'banja mwathu ndi ya a Barnaba. Ndinameza malovu, ndinakaisiya kompyuta kumeneko kuti ilowe moto, ndi mawu amodzi okha: musagwire.

Mmawa tchalitchi chinadzaza, mpaka abale a ku Meluluca anabwera. Titachoka kumanda tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwathu, a padre pa mpando, chimkuzamawu chobwereka chili patebulo. Apa ndi pamene ndinayenera kungodina ndi kukhala chete. Koma ayi, ndinaimirira ndi kulankhula zimene palibe anandipempha. Ndinati bambo anasiya zinthu zamitundu iwiri, zogwira nsomba ndi zogwira mtima, ndipo aliyense anasankha zomuyenera. Ndinayang'ana a Barnaba. Iwo anayang'ana nsapato zawo.

Ndinatsegula kachithunzi kanga katsopano kaja. Mbee. Palibe nyimbo ngakhale imodzi. Ndinatseka, ndinatsegulanso. Mbee.

Apa musaseke kaye. Ndinaona ngati bambo amwaliranso kachiwiri, ulendo uno m'manja mwanga. Ndipo munthu ukakhala ndi mkwiyo wosunga, sufufuza, umangotembenuka.

"Bambo aang'ono, ngalawa sinakukwanireni? Mwafufutanso mawu a abale anu?"

"Iwe Tomasi, ine chinthu chimenecho ndimadziwa potsegulira pake?"

"Chagona kwanu. Chinapita ndi nyimbo, chabwera chopanda kanthu."

Mlongo wanga ankandikoka malaya, ine ndikupitiriza. Ndinatchula maukonde, ndinatchula phala lija, ndinatchula ndi nkhuku imene inasowa pamaliro. A padre anakweza dzanja, ine ndinakweza mawu. A Barnaba anavula chipewa, misozi ili m'maso, nati alumbire pa chiliza chomwecho.

Alamu anadzuka mwakachetechete, anaweramira kompyuta ija.

"Alamu, ichi mwachitenga kuti?"

"Ndakonza dzulo."

"Munadina chobiriwira?"

Iwo anapumira m'mwamba, nalankhula motsitsa, koma pafupi ndi chimkuzamawu, moti anamva ndi a kumbuyo omwe.

"Tsopano muli ndi mapulogalamu awiri. Iyi mwaitola panjirayi ndi mlendo, sidziwa kumene nyimbo zimakhala. Yakale ija ili pomwe inali."

Anadina pakona, anatsegula yakaleyo, nyimbo zonse ndondondo. Anasankha ya pamwamba, imene tinajambula tsiku loyamba, ine ndisanaphunzire kudula zosafunika.

Mawu a bambo anatuluka, okhuthala ngati kale, ndipo azimayi anayamba kusisima. Anaimba mzere woyamba, wachiwiri, kenako phokoso la zala zanga zikugogoda pa kompyuta tsiku lojambulalo, nyimbo ndi kuima. Bambo anatsokomola, nati momveka bwino mudzi wonse:

"Iwe Tomasi, tasiya kudinadinako. Chinthu chikuyenda bwinobwino, ukufunanso chiyani? Khala pansi."

Ndinakhala pansi.

Woyamba kuseka anali a padre, atabisa nkhope m'buku. Kenako a ku Meluluca, kenako amene ankalira aja, akuseka misozi ili chuchuchu. A Barnaba anavala chipewa chawo nati, "Achimwene, zikomo, mwandiyankhira."

Madzulo ake ndinapita kukagwada kwawo. Anandikhululukira mosavuta, zimene zinandipweteka koposa, ndipo nkhani ya ngalawa sindingaitsegulenso pakamwa, poti ndikangoyamba, wina amatsokomola ngati bambo. Mkwiyo ndikadali nawo, koma ndatopa nawo, ulibenso pokhala.

Nyimbo zonse zilipo, alamu anazikoperanso pena. Imene ndimamvera kawirikawiri ndi yondikalipirayo, chifukwa ndi mokhamo mmene bambo amanditchula dzina. Ndipo ndalumbira: makina aliwonse akadzandipempha kuti ndidine, ndizikhalira manja anga mpaka alamu afike, ngakhale afike mochedwa.