A Tangogwirani ndi Kompyuta Yosayaka

Mumsewu wonse uja munalibe munthu amene sanawagwirirepo tochi a Tangogwirani. Ukangogogoda pakhomo pawo, ngakhale kudzabwereka machesi okha, ankakukokera m'kachipinda ka kuseri uku akuti, “Tangogwirani apa, mphindi ziwiri zokha.” Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso.

M'kachipindamo munali kompyuta imene anagula atapuma pa ntchito ya ukalaliki, chibokosi chachikasu ngati mano a wosuta fodya. Inazima chaka chimene akazi awo anamwalira, ndipo sinayakenso.

Msampha wake unali wosavuta. Dzanja limodzi ankakupatsa tochi, linalo n'kukuthira timasikuluwu khumi, “musagwetse,” kenako iwo n'kutsamiritsa mpando wawo kuchitseko. Wowerenga mita ya magetsi analowa m'mawa n'kutuluka dzuwa litapendeka, atawerenga nyumba imodzi yokha. Abusa anabwera kudzapempherera bondo la mkuluyo, koma anathera pansi pa tebulo atagwira waya, mpaka anapempherera kompyutayo kuti mwina awamasule.

Koma wozunzika weniweni anali mkamwini wawo. Loweruka lililonse, kwa zaka zisanu ndi ziwiri, anzake akupita kumpira, iye ali chogwada m'fumbi. Apongozi sungawakanire, ndipo mkazi wake ankangoti, “Pitani, ndi bambo anga amenewo.” Munthuyo ankalakalaka Loweruka limodzi lokha loti likhale lake.

“Bambo, mwina inangotha basi,” anayesa tsiku lina. “Zinthu zimatha.”

“Kutha? Akamwini, iyi ikungogona. Tanunkhizani apa. Pakumveka kupsa?”

“Pakumveka mphemvu, bambo.”

“Ndiye kuti muli moyo. Unikani bwino.”

Anasintha mawaya, anapukuta mkati ndi mswachi, anaiyanika padzuwa, anaimenya mbama. Zii.

Loweruka lina mkuluyo ali kuchimbudzi, mkamwini anatsegula pulagi chifukwa chosowa chochita. Fyuzi inali yakuda bii. Zaka zonsezi, kanthu kochepa ngati njere ya mtedza! Anathamangira kukhitchini, n'kuchotsa fyuzi ya ketulo, n'kuiikamo. Kompyuta inalira tswii, zilembo zobiriwira n'kuyamba kuphethira.

“Bambo, yayaka!”

A Tangogwirani anafika n'kuima pakhomo. “Ee, yayakadi,” anatero motsitsa. Anachotsa mpando kuchitseko. “Pitani, akamwini. Loweruka musamavutikenso.”

Mkamwini anatuluka thupi lili pepuu. Atafika pageti anacheuka, ndipo pawindo anawaona atakhala okha, manja ali pamaondo, akuyang'anizana ndi kompyuta imene analibe nayo chochita. Chifundo chinamugwira, chimwemwe chonse n'kuthera pomwepo.

Anabwerera. “Bambo, ludzu. Kodi tiyi alipo?”

A Tangogwirani anapita kukhitchini, n'kubwerako. “Ketulo yakana kuyaka.”

“Takayesaninso soketi ina.”

Mkuluyo atangotembenuka, mkamwini anazula fyuzi ija n'kubwezeramo yakupsa. “Bambo, yazimanso!”

Munthu wa bondo lopweteka uja anabwera chothamanga, nkhope ili ngwee. “Ndinadziwa ine! Vuto lili mkati. Tangogwirani apa.”

Anakhalanso zaka zina zitatu akuigwiragwira paliponse. Pulagi yokha a Tangogwirani sanaikhudzepo, ndipo mkamwini akaiyandikira, iwo ankayang'ana kudenga.

A Tangogwirani anatisiya chaka chatha. Tsopano wowerenga mita amamaliza msewu wonse nthawi ya nkhomaliro isanakwane, ndipo anthu amadutsa pageti paja osafulumiza mwendo. Mkamwini Loweruka lililonse ndi lake, koma kumpira anangopitako kamodzi. Amatenga kiyi, n'kukakhala m'kachipinda kaja, tochi ili m'manja.

Mkazi wake anamupeza momwemo tsiku lina, iye n'kumuuza nkhani yonse ya fyuzi.

“Ndiye bwanji osangoiyatsa? Si mphindi ziwiri zokha?”

Mkamwini anayang'ana mpando uja uli kuchitseko. “Ikayaka,” anatero, “ndizidzatani kuno?”