Mutu Wanga Mufiriji ya a Zuze

Lolemba

Tadala waimba foni. Mwana wanga woyamba ameneyu, namwino kumpoto kwa Finland, ndi woyembekezera ndipo achira mu Januwale. Tikiti ya ndege ndi imodzi basi. Kaya ndipite ine kukamuthandiza chikuta kwa miyezi itatu, kaya apite asebele anga a ku Thambani, mayi ake a mkamwini. Yankho akulifuna Lamulungu.

“Amayi, kuno kumazizira kuposa mufiriji. Ndi maondo anu aja mukatha?”

Funso lachipongwe. Ine ndadutsa miyezi ya Juni ingati wopanda juzi? Koma nyamakazi ndili nayo, zimenezo sindikana, ndipo mantha ndili nawo. Chondiwawa n'chakuti asebele akapita, mdzukulu wanga woyamba akamusambitsa ndi iwo, ine n'kumangoonera pafoni ngati mlendo.

Sabata ino ndizoloweza thupi kuzizira. Zochita:
1. Kusamba madzi ozizira m'mamawa
2. Kugula chijasi
3. Kupeza firiji

Vuto n'lakuti uno ndi Novembala, mvula sinagwe, Mwanza yense ali ngati uvuni wa makala.

Lachiwiri

Madzi ozizira kulibe. Amundowa ndi ofunda, apampopi akutuluka ongofunika masamba ndi shuga. Ndasamba amumtsuko, akumwa aja. Bambo a Tadala adzuka ndi ludzu, mtsuko uli gwa.

Ndawafotokozera zonse. Akuti: “Mayi, kuzizira saphunzira ngati kupalasa njinga.”

Munthu wofunda mabulangete awiri mu Juni, nayenso ali ndi maganizo pankhaniyi.

Lachitatu

Kaunjika wa pa Boma. Ndapeza chijasi chaubweya chofika m'maondo. Wogulitsa akulumbira kuti chinachokera komweko kwa ayezi, ndiye kuti ine ntchito yanga ndi yochibweza kwawo.

Ndachivala pobwerera kuti ndizolowere kulemera kwake, chisoti ndi magolovesi omwe. Zotsatira zake:
- wakabaza wandiyang'ana, wapitirira
- amayi awiri a kutchalitchi kwathu andigwira mkono, akuti ndi malungo, tiyeni kuchipatala
- thukuta mpaka m'nsapato

Ndafika pakhomo ndili ndi chizungulire. Nditakhala pansi m'pamene ndazindikira kuti tsiku lonse ndaphunzira kutentha, chinthu chimene ndikuchidziwa kale.

Lachinayi

Firiji yapezeka kwa a Zuze a paokala, yogona ija amasungiramo nkhuku. Ndawapempha kuti ndilowetse mutu ndi manja mphindi zisanu.

“Mutu wokha, dona. Nkhukuzo musazipumire kwambiri.”

Mphindi yoyamba, kukoma. Yachiwiri, makutu akuluma. Yachitatu, mano akuwawa ndi ochotsedwa kale omwe. Ndikuwerenga chamumtima, mutu uli mkati, kwinaku kwatsala kunja kukuyang'ana khomo. Kenako mawu kumbuyo kwanga:

“Asebele, mwatayamo chiyani m'menemo?”

Mwa anthu onse a m'boma lino! Abwera kuchokera ku Thambani kudzajambulitsa chithunzi cha pasipoti, akuti n'kukonzekera chabe, mwina mwake. Atchena, duku latsopano, maondo ali bwinobwino.

Ndati ndikusankha nkhuku. Aima pomwepo kudikira kuti aone imene ndisankhe. Lero tadya nkhuku yomwe sindimaifuna.

Lachisanu

Magetsi azima kuyambira m'mawa. Ndapitabe kuokala. A Zuze anditchingira pakhomo, akuti dzulo ndinatulutsa kuzizira konse, nkhuku zawo zayamba kulira madzi, ndisabwerenso.

Ndili ndi chimfine. Maondo akubaya, chonsecho mufirijimo sanalowe nawo. Mphindi zitatu zokha!

Tadala watumiza chithunzi. Akuti ndi 3 koloko masana, koma kunja kuli bii, nyale za mumsewu zikuyaka, chipale chafika pafupi ndi zenera. Dzuwa masiku ano likumangosuzumira n'kubwerera, mwezi wamawa akuti mwina sadzaliona n'komwe. Mafunso amene ndili nawo:
- matewera amayanika pati?
- tambala amalira nthawi yanji?
- munthu wa nyamakazi amawothera chiyani?

Wayankha loyamba lokha, akuti pali makina.

Loweruka

Ndagonja. Ndalemba uthenga wakuti “Apite asebele.” Sindinautumize, nkhani yotere ndi yonena pakamwa, ndidzaimba mawa.

Bambo a Tadala ayesa chijasi chija, chawakwana, akuti chiwathandiza mu Juni. Sanadikire n'komwe kuti ndiwapatse.

Ndapita kuseri kwa khola la mbuzi, ndalirako pang'ono. Pobwera andifunsa za maso ofiira, ndanamizira chimfine. Mtima ukundipweteka. Mwana wanga achira kutali, mumdima, manja omugwira adzakhala a munthu wina.

Lamulungu

Ndaimba nditachoka kutchalitchi. Ndisanatsegule pakamwa, Tadala akuloza foni pazenera kuti ndione kunja. Ngolo za ana zitatu zili pakhonde la anzake oyandikana nawo, pachipale penipeni. Ndafunsa kuti bwanji osazilowetsa, zichita dzimbiri.

“Muli ana m'menemo, amayi. Kuno makanda amagona panja masana, amangowafunditsa bwino. Akuti amagona tulo tabwino. Wathunso tamugulira kale yake.”

Ndafunsa kuti asebele akuidziwa nkhaniyi? Akuidziwa. Akuti palibe vuto, eni dziko akudziwa zimene akuchita.

Palibe vuto! Kuno khanda timaliveka chisoti, masokosi ndi mashawelo awiri mu Okutobala, wina akatsegula zenera timamukalipira. Ine munthu wamkulu, mphindi zitatu mufiriji ndatuluka ndi chimfine. Iwo akufuna akaikemo mdzukulu wanga wathunthu, n'kutseka chitseko, n'kumamwa tiyi.

Uthenga uja ndafufuta. Ndamuuza Tadala kuti patikitipo alembe dzina langa. Waseka mpaka kutsokomola, kenako akuti: “Zikomo amayi. Ndimaopa kuti mukana.”

Kuzizira sindinaphunzire. Maondo ndi omwewa, ndipo ndikudziwa kuti ndikazunzika miyezi itatu yonse. Basi, ndikazunzike. Ngoloyo tizikanyamulira zogula kusitolo. Mwana azikagona kumsana kwanga, m'nyumba.